Mwala wonga lole uja unadutsa kale, achimwene

Imelo yanu ndaiwerengera m'minibasi mpaka ndapitirira siteji yanga. Ndakatsikira kutsogolo n'kubwerera wapansi ndikuseka ndekha, koma kuseka kwake kwa munthu amene wakumbutsidwa chinthu chochititsa manyazi.

Kwa ena nonse: walemba ndi m'bale wathu wina amene akusaka ku Johannesburg. Amayi ake kumudzi ku Dedza alandira kavidiyo pa WhatsApp konena kuti chimwala chachikulu ngati lole chikubwera kuchokera kumwamba, chidutsa m'munsi mwa masetilaiti, ndipo a NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, avomereza. Lero ndi tsiku lachitatu mayiwo asakugona. Akumuuza kuti akwere basi abwere, kuti chogwacho chiwapeze ali pamodzi. Iye akufunsa ngati n'zoona, komanso choti awauze.

Achimwene, kavidiyo kaja ndakaonera. Mwalawo ndikuudziwa ngati mmene munthu amadziwira galu amene anamuluma. Dzina lake ndi 2023 BU, ndipo unadutsa kalekale, usiku wa pa 26 kuchera pa 27 Januwale 2023. Wina wangofukula nkhani yakale, wadula deti, waika nyimbo ya pamaliro kumbuyo kwake n'kuiponya m'magulu. Ndikanatha kulekera pomwepa, koma mwandikanda pachilonda, ndiye mupirire.

Januwale ameneyo ine sindinali bwino. Panali patangotha miyezi iwiri tiwaike bambo anga m'manda, ndipo tulo tinali titandithawa. Kolera inali itavuta moti kumayambiriro kwa mweziwo boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe. Pakhonde pathu panali ndowa ya madzi a klorini, aliyense wolowa ayambe wasamba m'manja. Magetsi akazima ankaiwala kubwera. Ndiye munthu uli mumdima, foni ili m'manja, mtima uli kale m'mwamba, umameza chilichonse chimene chabwera. Nkhani ya mwalawu inandipeza choncho. Chizungu ndimachimva ndithu. Ndinawerenga ndi maso angawa kuti sugunda dziko. Ndinawerenganso kuti ngakhale ukanalunjika kuno, ukanapsera m'mwamba n'kungogwetsa timiyala. Mutu unamva, koma mtima unakanitsitsa. Unkati: nanga akalakwitsa masamu? Nanga ngati akubisa? Paja nafenso anatiuza kuti bambo achira.

Madzulo a tsikulo ndinatenga jumbo yolimba ija ya buluu n'kuyamba kulongedzamo mapepala: satifiketi ya Fomu 4, mapepala a malo, mabuku a kusikelo a ana, mtchatho wathu wa ukwati. Ndinaimanga kukamwa ndi mphira wa chubu cha njinga n'kuiika pamwamba pa wodilopu. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili m'chiuno, kenako anati, "Bambo, mwalawo ukagwa satifiketi mukaionetsa kwa ndani?" Sindinawayankhe. Anakagona.

Nthawi imene anati udutsa inali cha m'ma 2:30 usiku kuno kwathu. Ndinatuluka ndi kampando n'kukhala pakhonde nditafunda chitenje cha mayi. Kumwamba kunali bii, mitambo yokhayokha ya dzinja, ngakhale kanyenyezi kamodzi osaoneka. Achule okha ndiwo ankasokosera kukhwawa. Posakhalitsa tochi inandiwalira kumaso kudzera pampanda. Anali mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, mkulu wachikulire wa chipewa cha ubweya.

"Bwana, kwagwanji usiku uno?"

"Palibe madala, ndikungodikira mwala."

Anazimitsa tochi msangamsanga n'kunong'ona kuti, "Ayamba kugenda? Padenga pa ndani?" Iwo ankaganiza za akuba, amene amaponya mwala pamalata kuti amve ngati eni nyumba ali maso. Nditawafotokozera kuti mwala wake ndi wa kumwamba, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Oho. Ndiye ameneyo chibonga changachi sichimutha." Anabwerera pamoto wawo. Nthawi inakwana, inapitirira, tambala analira. Chimene ndinapindula ndi chimfine.

Manyazi ndi amene anandiphunzitsa. Masiku otsatira ndinayamba kuwerenga mofatsa, masana, nditadya. Choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti ngakhale kumwamba kukanayera mbee sindikanaona kanthu. Mwalawo unadutsa pamwamba pa nsonga ya kum'mwera kwa South America, kutsidya lina la dziko, ndipo unali waung'ono kwambiri moti maso paokha sakanauona. Akatswiri anauyerekeza kuti unali wa mamita pakati pa 3.5 ndi 8.5. Ndiye za lole zija si bodza ayi. Za masetilaiti nazonso n'zoona: unadutsa makilomita 3,600 pamwamba pa nthaka, pamene masetilaiti amene madishi a TV padenga amayang'ana ali pa makilomita pafupifupi 36,000. Kavidiyo ka amayi kaja kali ndi zoona zambiri, n'chifukwa chake n'koopsa. Bodza lake lili pa zimene kanasiya.

Makilomita 3,600 inu mumawadziwa ndi msana wanu. Ndi pafupifupi ulendo wa pa basi kuchoka ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka ku Johannesburg, n'kubwereranso. Kapena tengani mpira wa miyendo muuyese dziko lathuli. Mwezi ukhala mamita 6 ndi theka kuchoka pampirapo, kutsidya kwa bwalo la pakhomo. Masetilaiti a TV aja akhala ngati mkono umodzi kuchoka pampira. Mwala wathu unadutsa zala zitatu kapena zinayi kuchoka pachikopa cha mpirawo. N'pafupi, sindikana. Koma pa muyeso umenewu mwalawo ndi waung'ono kuposa kafumbi kamene mungakaone ndi maso. Kafumbi kadutsa zala zinayi kuchoka pampira, ine n'kumanga jumbo.

Amene anauona koyamba si a NASA. Ndi Gennadiy Borisov, munthu wokonda za nyenyezi amene amadzipangira yekha matelesikopu ku Crimea, yemwenso anatulukira nyenyezi ya mchira yochokera kunja kwa dera la dzuwa lathu mu 2019. Anauona pa 21 Januwale, patatsala masiku osakwana sabata. Anapereka lipoti ku Minor Planet Center ku America, kumene amasunga kaundula wa miyala yonseyi, ena m'maiko ena analozetsako matelesikopu awo, ndipo kompyuta ya NASA yotchedwa Scout inawerengera njira yake n'kupeza msanga kuti sugunda. Palibe chimene chinabisidwa, manambala onse anali poyera. Ndipotu kubisa sikungatheke, chifukwa thambo si la boma lililonse. Wina ku Crimea, wina ku Chile, wina ku Japan, onse akuyang'ana malo amodzi.

Koma chimene chinandichiritsa kwenikweni ndi ichi. Usanafike kuno, mwalawo unkazungulira dzuwa masiku 359. Utadutsa, mphamvu yokoka ya dziko lathu inaupotoza njira, moti tsopano umatenga masiku 425. Pa kukumana kuja, wovulala anali mwala. Ife tinaukhotetsa moyo wake wonse tili mtulo, kupatula ine ndi madala aja.

Apa ndiye ndilankhule mosapsatira. Munthu amene amatenga nkhani ngati iyi, kuidula mutu ndi mchira, n'kuitumiza kwa amayi a kumudzi ndi wakuba. Akuba tulo, akuba mtendere, akubanso bandulo imene inu mwatumiza ndi thukuta lanu. Ena amatero kuti anthu ambiri aonere tsamba lawo adyepo. Ena amawonjezerapo mavesi a za kutha kwa dziko ndi nambala ya foni yotumizirako chopereka. Awa ndiye sindiwamvera chisoni ngakhale pang'ono. Ine ndimapemphera, musandimve molakwa. Koma munthu amene chikhulupiriro chake chimafuna kuti gogo wa ku Dedza asagone masiku atatu, ameneyo akuchita malonda. Nafenso otumizira anzathu tisadziyeretse. Timadina tisanawerenge, n'kulemba kuti "ndangolandira nanenso" ngati mawuwo ndi sopo wosambira m'manja.

Nyuzipepala za kunja nazo zili ndi mlandu wake. Mwezi sutha osaona mutu wakuti mwala "woopsa" ukubwera. Mawu amenewo ali ndi tanthauzo lake kwa akatswiri: ndi mwala uliwonse wa mamita 140 kapena kuposa umene njira yake imafika mkati mwa makilomita 7.5 miliyoni kuchoka pa njira ya dziko. Mtunda umenewo ndi wopita kumwezi pafupifupi maulendo 20. Kuli ngati kulemba galu wa ku Mzuzu m'kaundula wa agalu oluma, kenako n'kulengeza ku Nsanje kuti anthu atseke zitseko. Kaundulayo ndi wofunika, kulengezako ndiye misala.

Taonani zimene zinachitika pa 15 Febuluwale 2013. Dziko lonse linali likudikira mwala wina, 2012 DA14, umene pambuyo pake anaupatsa dzina lakuti Duende. Anautulukira ku Spain chaka chathunthu m'mbuyomo, ndipo ankadziwa tsiku ndi ola. Unadutsadi makilomita 27,700 pamwamba pa nthaka, osakhudza ngakhale tsamba la mtengo. Koma m'mawa wa tsiku lomwelo, maola 16 Duende asanafike, mwala wina wosagwirizana nawo n'komwe, wa mamita pafupifupi 20, unalowa pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia. Palibe anauona ukubwera, chifukwa unachokera mbali ya dzuwa kumene matelesikopu sangayang'ane. Unkathamanga makilomita 19 pa sekondi. Liwiro limenelo kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre simungathe n'komwe kupereka moni. Unaphulikira m'mwamba makilomita pafupifupi 30, n'kuwala kuposa dzuwa. Anthu anathamangira kumawindo kukaona. Patadutsa mphindi ziwiri kapena kuposerapo mkokomo wake unafika n'kuswa magalasi m'nyumba zikwizikwi. Anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi omwewo. Palibe anafa. Mphunzitsi wina wa ku pulaimale atangoona kuwalako anauza ana ake kuti abisale pansi pa madesiki, ndipo anawo sanavulale.

Ndiye muone: mwala umene unali ndi dzina, deti ndi ola sunapweteke munthu. Mwala ukalengezedwa ndiye kuti wina wauona, wauyeza, akuutsatira. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine usiku uja ndinkaopa chinthu chokhacho m'moyo mwanga chimene anthu anali atachiwerengera mpaka pa mphindi.

Ing'onoing'ono imagwa ndithu

Musawauze amayi kuti kumwamba sikugwa miyala, angakutsutseni, ndipo adzakhala akunena zoona. Agogo anga akaona nyenyezi yothothoka ankati kwinakwake kwamwalira mfumu. Ana a m'mudzi tinkati ndi ndege ya afiti yatha mafuta. Zoona zake n'zakuti ndi timchenga ndi timiyala tikupsa pokhulana ndi mpweya wokuta dziko lathu, usiku uliwonse. Mwala waukulu ngati galimoto umalowa pafupifupi kamodzi pachaka, n'kupsera m'mwamba, nthawi zambiri pamwamba pa nyanja zikuluzikulu kumene kulibe woona.

Kuno ku Africa tili ndi mbiri yathu pa zimenezi. Mwala woyamba m'mbiri yonse umene anthu anauona usanagwe unagwera ku Sudan pa 7 Okutobala 2008. Richard Kowalski anauona ku Arizona patatsala maola osakwana 24, anawerengera pogwera pake, ndipo unaphulikiradi pamwamba pa chipululu cha Nubia. Ophunzira a pa yunivesite ya Khartoum anayenda mondondozana mumchenga n'kutola zidutswa zake mazanamazana. Pa 2 Juni 2018 Kowalski yemweyo anaona wina, 2018 LA, patatsala maola 8. Umenewo unawala pamwamba pa Botswana madzulo, kamera ya pafamu ina ku South Africa inaujambula, ndipo zidutswa zake anakazitola ku Central Kalahari. Ngakhale kwathu kuno, mu Januwale 1981 ku Machinga kunagwa mwala wa makilogalamu 93. Ndipo amene munadutsapo ku Mbozi ku Tanzania, kufupi ndi malire a ku Chitipa, mwina munachiona chichitsulo cha matani 16 chimene chili kumeneko, chimene anthu ake amachitcha Kimondo.

Nanga ikuluikulu?

Imeneyo ndiyo akatswiri amaisaka usana ndi usiku, ndipo ubwino wake n'ngwakuti chinthu chachikulu chimaonekera patali. Miyala yoyandikira dziko imene ili m'kaundula yapitirira 30,000. Ya kilomita imodzi kapena kuposa, imene ingasokoneze dziko lonse, yoposa 90 pa 100 iliyonse anaipeza kale, ndipo palibe umene ukulunjika kuno m'zaka 100 zikubwerazi. Ya pakatikati ndiyo yatsala yambiri, n'chifukwa chake akuwonjezera matelesikopu. Imodzi ili komweko kwanuko, ku Sutherland ku Northern Cape, ya gulu la matelesikopu osaka miyala lotchedwa ATLAS. Pa 26 Seputembala 2022 a NASA anagunditsa dala chombo chotchedwa DART pa mwala wa mamita pafupifupi 160, Dimorphos, kuti aone ngati mwala ungakankhidwe. Unakankhika: nthawi imene unkatenga pozungulira mwala unzake wokulirapo inatsika ndi mphindi 32.

Ena mukukumbuka phokoso la mwala wa 2024 YR4 mu Febuluwale 2025, pamene mwayi woti ugunde dziko mu 2032 unakwera kufika pa 3 pa 100, kenako pasanathe sabata n'kugwa mpaka kutheratu. Anthu anati akatswiri akusinthasintha mawu. Ayi, ndi mmene kuyeza kumayendera. Mukaona galimoto usiku ili kutali simudziwa ngati ikhotera kwanu. Ikamayandikira m'pamene mumadziwa.

Jumbo ija ndinaiiwala pamwamba pa wodilopu. Manyazi anandiletsa kuimasula mayi a kunyumba akuona. Ndiye kunabwera Malichi wa 2023 yemweyo.

Ife timakhala m'munsi mwa phiri la Soche. Namondwe wa Freddy atalowa kachiwiri ku Mozambique cha ku Quelimane, mvula inagwa masiku osalekeza, ya mtundu umene sindinauonepo. Kenako phiri linagumuka. Sindilemba zambiri za zimene ndinaona ku Chilobwe, amene munalipo mukudziwa, ndipo amene munataya abale simukufunika kuti ine ndikukumbutseni. Ndingonena za miyala. Inatsika ndi matope kuchoka kuphiri limene ndakhala ndikuliona tsiku ndi tsiku pomwa tiyi, ina yaikulu ngati galimoto, n'kukhala pamene panali nyumba za anthu. Ndinaima pafupi ndi umodzi patapita masiku, ndinaugwira ndi dzanja, unali wozizira, uli ndi ndere zake zakale za kuphiri. Unalibe dzina, unalibe nambala. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Nyumba yathu inapulumuka, madzi okha ndi amene analowa mpaka m'mawondo n'kuwononga zonse za pansi. Mapepala anali pamwamba pa wodilopu, ouma. Mayi a kunyumba anaitsitsa okha jumboyo, anaiyang'ana, anandiyang'ana, sananene kanthu. Mpaka lero sitinakambiranepo.

Sindikunena kuti mantha anga anali anzeru. Anali opusa, anangogwera pabwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinachezera usiku wonse ndikuyang'ana kumwamba, phiri lili kumbuyo kwanga, mitengo yake tikuimaliza ndi makala amene nanenso ndinkagula, ndipo sindinalicheukire ngakhale kamodzi.

Tsono za amayi. Musawalembere uthenga, aimbireni, makamaka madzulo pamene mantha amakula. Musawaseke, ndipo musayambe ndi manambala anga onsewa. Auzeni kuti mwafufuza, mwalawo ulipodi koma unadutsa mu Januwale 2023, iwo ali mtulo ndipo anadzuka bwinobwino n'kupita kumunda. Kavidiyoko akafufute. Kena kakadzabwera, yang'anani dzina la mwalawo: manambala anayi oyambirira ndi chaka chimene unatulukiridwa, ndipo mukalemba dzinalo pa intaneti deti lenileni limabwera. Kopanda dzina ndi deti n'kabodza. Akadzaona kuwala kwakukulu kumwamba, atalikire mawindo kwa mphindi zingapo. Komanso muwafunse chimene chikuwasowetsa tulo, chifukwa mayi akamati "bwera" mwina mwala ndi chonamizira chabe. Ine wanga sanali mwala, anali bambo anga. Mwatha zaka zingati musanapite ku Dedza?

Ngati mukufuna deti lenileni lokwerera basi, ndikupatsani. Lachisanu pa 13 Epulo 2029, mwala wotchedwa Apophis, wa mamita pafupifupi 340, mabwalo a mpira atatu kulumikiza, udzadutsa makilomita 32,000 pamwamba pathu. Utangotulukiridwa mu 2004 unaopsa anthu kwambiri, koma atauyeza ndi rada mu Malichi 2021 anatsimikiza kuti sugunda dziko kwa zaka 100. Umenewo ndiye udzaoneka ndi maso, ngati nyenyezi yoyenda pang'onopang'ono, ndipo Africa ili m'gulu la madera amene adzauone bwino usiku umenewo. Mavidiyo oopseza adzachuluka kuposa awa, muwachenjezeretu amayi. Ku Dedza mu Epulo mvula imakhala ikutha, ndipo kumudzi kulibe magetsi otchinga nyenyezi. Mudzatenge jekete, kumazizira.